Yambani ndi katoni ndi matisheti akale

Mayi, mwafunsa kuti ana anu awiri, wa zaka 6 ndi wa zaka 9, mungawaphunzitse bwanji kuchitira chifundo agalu ndi amphaka a kumalo osungira ziweto zosowa mwini, pogwiritsa ntchito zinthu zakale za m'nyumba. Ine ndimathandizako kumalo otere, ndiye ndiyankhe malinga ndi zimene ndaona.

Musanagwire sizasi, imbani foni kumaloko mufunse zimene akusowa. Ambiri amalandira matawulo ndi mabulangete akale, koma amakana mapilo chifukwa agalu amawang'amba n'kumeza zam'katizo. Zimapweteka kuona mwana atanyamula mphatso yake ndi manja awiri kenako n'kuuzidwa kuti abwerere nayo. Ngati n'kotheka, wamkuluyo ndiye afunse yekha. Kufunsa kuti "kodi akusowa chiyani?" ndi phunziro kale.

Chinthu chimene ndimalimbikitsa kwambiri ndi katoni wamba. Mphaka akachita mantha safuna kusisitidwa, amafuna pobisala. Mu 2014 akatswiri a ku yunivesite ya Utrecht ku Netherlands anafufuza amphaka ongofika kumene pamalo ena osungira ziweto. Amene anapatsidwa bokosi lobisalamo anali atakhazikika pofika tsiku lachitatu, pamene anzawo opanda bokosi zinawatengera pafupifupi masabata awiri. Ndiye tengani katoni yolimba, chotsani selotepi ndi timawaya tonse, boolani makomo awiri kuti mphaka asamadzione ngati watsekeredwa, muyalemo kathawulo. Koma musangopanga. Funsani mwanayo: "Iwe ukanagona malo achilendo, agalu akuuwa usiku wonse, amayi kulibe, ukanafuna chiyani?" Mudikire yankho, ngakhale atachedwa. Wamng'onoyo mwina anena kuti akanalowa m'bulangete n'kufunda mutu womwe. Pamenepo wamvetsa ntchito ya katoniyo kuposa mmene inu mukanamufotokozera.

Za agalu, dulani tisheti yakale m'zingwe zitatu zokulirapo, muziluke ngati tsitsi, mumange mfundo zolimba uku ndi uku. Chimenecho ndi chokokerana. Chinanso chosavuta ndi thawulo lakale: amamwazapo chakudya cha galu chouma n'kulipinda, galu n'kumafunafuna ndi mphuno. Galu amadziwa dziko ndi fungo. M'mphuno mwake muli timaselo tomvera fungo mamiliyoni mazanamazana, pamene munthu ali nato mamiliyoni ochepa chabe. Galu wongokhala m'khola tsiku lonse amasungulumwa, ndipo kununkhiza kumamupatsa chochita n'kumukhazika mtima pansi. N'chifukwa chake nsaluzo muzichape bwino koma osati ndi sopo wonunkhira kwambiri. Fungo limene inu mukuti n'labwino, kwa iye n'lobaya m'mphuno.

Apa ndiye ndikupempheni musamale. Mabatani, zipi, mikanda, lasitiki ndi ulusi wolendewera, zonse zichoke. Anthu ambiri amaganiza kuti mphaka ndi ulusi ndi paubwenzi, koma mphaka akameza ulusi wautali umatha kukola pansi pa lilime, mbali inayo n'kumakoka matumbo mpaka kuwacheka, ndipo nthawi zambiri pamafunika opaleshoni. Ntchito yofufuza zoopsazi apatseni anawo. Muwauze kuti, "Galu sadziwa kuti batani si chakudya, ndiye umuonere ndiwe." Ana amaigwira ntchito imeneyi mwakhama kwambiri. Ndiponso ngati pakhomo panu panadwalapo galu posachedwapa, makamaka matenda opatsirana a parvo, amene amachititsa galu kusanza ndi kutsegula m'mimba, zofunda zake musapereke. Kachilombo kake kamakhala moyo miyezi yambiri.

Tsiku lokapereka musatume munthu, pitani nawo. Ine ndimaona kuti mwana akapanga chidole koma osachiona chikugwiritsidwa ntchito, amangophunzira luso la manja basi. Muwakonzekeretse ali kunyumba: kumeneko sathamanga, sakuwa, salowetsa zala m'khola, sagwira chiweto asanaloledwe ndi ochisamalira, ndipo potuluka amasamba m'manja. Aphunzitseni kuwerenga thupi la galu. Akabisa mchira pakati pa miyendo, akagonetsa makutu, akamayasamula kapena kunyambita milomo kawirikawiri, akunena kuti ali ndi mantha. Mwanayo akhale pansi chammbali, asamuyang'anitsitse m'maso, alankhule motsitsa mawu. Malo ena amalola ana kuwerengera agalu buku ali kunja kwa khola, ndipo wa zaka 9 uja angazikonde zimenezi.

Mwina mphaka sadzalowa m'katonimo inu muli pompo, mwinanso galu adzathawira pakona osachiyang'ana n'komwe chokokeranacho. Mwana akakhumudwa musamunamize. Muuzeni kuti chiwetocho chinakumana ndi zovuta ndipo sichinayambe kukhulupirira anthu, ndiye mphatsoyo achisiyire, chidzaiyandikira chokha kukakhala zii.

Konzekeraninso funso lakuti "bwanji tisamutenge?" chifukwa lidzabwera ndithu, mwina ndi misozi. Ngati simungathe kusunga chiweto, nenani zoona, kenako mugwirizane tsiku lobwereranso. Musanachoke, afunseni osamalirawo dzina la galu kapena mphaka amene walandira mphatsoyo, anawo akalilembe pakatoni ina imene muzisonkhanitsiramo matisheti a ulendo wotsatira.