Yankho pa za kupolisha Demio yakuda ndi makina kunyumba

Achimwene, mwafunsa kuti mugule polishi uti, mapadi ati (masiponji omata pa makina opolishira) ndi sealant yanji (mankhwala otetezera penti), poti Demio yanu yakuda ikuonetsa timizere tozungulira ikaima padzuwa. Musanatulutse ndalama, idziweni kaye penti imene ili pagalimotoyo, chifukwa ndi imene idzakuuzeni zogula.

Itsukeni bwino, kenako ikani kadontho ka polishi pa kansalu koyera n'kupukuta pamalo obisika, monga m'munsi mwa chitseko. Kansalu kakatenga mtundu wa galimoto, pamenepo palibe clear coat, vanishi woonekera amene amakuta mtundu pamwamba. Yesani chitseko chilichonse, boneti ndi bampala payekhapayekha, chifukwa galimoto zambiri zochokera ku Japan zimakhala zitapentedwako mbali ina, kaya konko kaya kwathu kuno. Penti ya kufakitale yonse imakhala ma micron pakati pa 100 ndi 150, ndipo clear coat yokha ndi 40 kapena 50 basi. Micron ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita. Kupolisha n'kupala clear coat imeneyi mpaka ifanane ndi pansi pa mzere, ndipo imene mwapala sibwerera. Ndi yomwenso imatchinga dzuwa kuti mtundu usasuluke. Choncho mzere umene chikhadabo chikukolamo usiyeni, mungoufewetsa m'mbali kuti usamaonekere patali. Pamene clear coat yayera n'kuyamba kusupuka, makamaka padenga, polishi sangathandize. Pakufunika wopenta.

Makina gulani a DA, amene amazungulira uku akugwedezeka, okhala ndi mbale yomatapo padi ya mamilimita 125. Satenthetsa penti msanga. A rotary, amene amangozungulira osagwedezeka, amadula mofulumira koma amafuna dzanja lozolowera, ndipo pa galimoto yakuda amasiya mizere ina yonyezimira. Gulaindala ya owotcherera zitsulo musaiyese n'komwe, ngakhale wina akuuzeni kuti padi imalowa. Imazungulira pafupifupi ka 11,000 pa mphindi, pamene popolisha ndi rotary anthu amakhala pakati pa 1,000 ndi 1,500. Penti imapsa musanaphethire.

Pa mapadi, mtundu usakunamizeni. Padi yachikasu ya kampani ina ndi yodula, ya kampani ina ndi yomalizira. Werengani papaketi ndipo ifinyeni ndi chala. Kwa inu ndingati mapadi a siponji apakatikati anayi, ofewa awiri, ndi yolimba imodzi ya pamalo ouma mutu. Aubweya asiyeni. Ambiri amagula padi imodzi n'kumazungulira nayo galimoto yonse, ndipo apa ndi pamene ntchito imaonongekera. Padi ikakhuta polishi wouma ndi fumbi la penti imasiya kudula, imayamba kukanda, imatentha mpaka zomatira zakumbuyo kumatuka. Mukamaliza kachigawo kalikonse ipukuteni ndi burashi kapena kansalu, ndipo mukatha zitseko ziwiri isintheni.

Mankhwala alipo magulu atatu: kompaundi wodula kwambiri, polishi wapakati, ndi womalizira. Kwa kampani ya Menzerna ndi 400, 2500 ndi 3800. Kwa Meguiar's, M105 ndi wodula ndipo M205 ndi womalizira. Farecla G3, amene openta galimoto amamukonda, ndi wabwino pantchito yake, koma ntchito yakeyo ndi ya rotary pa penti imene yangokhulidwa ndi sandipepala, ndipo pa yakuda amasiya chifunga chofuna polishi wina pambuyo. Botolo la 250 ml limakwana Demio yonse n'kutsalako. Wogulitsidwa m'timabotolo topanda dzina musagule, simudziwa kuti muli chiyani. Samalaninso ndi amene amalonjeza kuchotsa mizere ndi kuteteza nthawi imodzi. Ambiri mwa iwo amangodzaza mizere ndi mafuta, mukatsuka kangapo mizere ija imabwerera.

Penti ya galimoto za ku Japan nthawi zambiri ndi yofewa poyerekeza ndi ya Mercedes kapena VW. Ndiye musayambe ndi kompaundi. Yambani ndi M205 kapena Menzerna 2500 pa padi yapakatikati, pamalo oyesera a masentimita 40 mbali zonse, paboneti, mutadula malire ndi tepi. Ikani madontho anayi akulu ngati nandolo, dindani padi pamalopo makina ali chizimire, mwazani pa sipidi 1 kapena 2, kenako kwezani pa 4 kapena 5. Yendani pang'onopang'ono, masentimita awiri kapena atatu pa sekondi, mzere uliwonse uzikwera theka la unzake, kanayi kapena kasanu, mopingasa kenako motsika. Padi igone yonse papenti. Lembani kamzere ndi maka kumbuyo kwa mbale: mukaona kamzereko kaima, mwakanikiza kwambiri kapena mwapendeketsa, ndipo makina akungonjenjemera osadula kanthu.

Pukutani ndi kansalu ka microfibre, kenako pukutaninso ndi isopropyl alcohol (mtundu wa spiriti) wosungunula, gawo limodzi pa magawo anayi kapena asanu a madzi, kuti mafuta achoke muone zenizeni. Unikani ndi tochi ya foni mopendekera. Ngati mizere yambiri yapita, mwapeza zogwiritsa ntchito galimoto yonse. Ngati ikadalipo, sinthani chinthu chimodzi chokha, padi yolimba kaye, kompaundi pambuyo. Mukaona chifunga chotuwa kapena timizere ting'onoting'ono tatsopano, padi yakulira penti, bwererani pa yofewa ndi polishi womalizira. Pa yakuda yofewa izi zimachitika kawirikawiri.

Zonsezi zikhale pambuyo pokonzekera bwino. Mukatsuka, yendetsani dzanja lili m'kajumbo kopyapyala papenti. Mukamva timiyala, pakufunika clay bar (dongo lapadera lochotsera timiyala papenti) ndi madzi a shampu ambiri, apo ayi timiyalato tilowa m'padi n'kumajambula. Matani tepi pa mapulasitiki akuda, pa malabala ndi m'mphepete mosongoka, momwe penti imakhala yopyapyala. Gwirani ntchito pamthunzi, chitsulo chili chozizira, koma osati pansi pa jakaranda kapena mango, chifukwa utomoni ndi zitosi za mbalame zizigwera pomwe mwangomaliza. Dzuwa la Okutobala kuno ku Zomba limaumitsa polishi musanamuyendetse, ndiye yambani m'mamawa. Ngati bwalo ndi ladothi, liwazeni madzi kuti fumbi ligone.

Tsopano zotetezera. Wax wa carnauba, phula lachilengedwe, amawala mokongola pa yakuda, koma kotentha kuno satha milungu yambiri. Sealant yopangidwa ndi mankhwala imakhala miyezi inayi mpaka isanu ndi umodzi, ndipo ndi imene ndingakusankhireni. Pakani mopyapyala kwambiri ndi padi yofewa pa sipidi yotsika kapena ndi dzanja, dikirani mphindi zimene zalembedwa pabotolo, pukutani, ndipo galimoto isanyowe kwa maola 12. Kupaka yambiri sikuwonjezera chitetezo, kumangovutitsa popukuta. Ceramic coating yeniyeni ya m'kabotolo kakang'ono, imene imauma n'kukhala chikuto cholimba papenti, isiyeni kaye. Pamene simunapukute bwino pamauma chigamba chimene chimachoka ndi makina okha, ndipo m'nyengo ya chiperoni chinyezi chimasokoneza kaumidwe kake. Ngati mbali ina yangopentedwa kumene, dikirani masiku osachepera 30 musanaikepo sealant kapena wax, ndipo funsani amene anapentayo. Nthawi yabwino yopaka ndi Novembala mvula isanayambe, kenako Epulo kapena Meyi ikatha.

Timizere mukudandaula nato timabwera ndi katsukidwe: chidebe chimodzi, sopo waufa wochapira zovala, ndi chinsanza chomwe chapukuta matayala. Mukabwerera kumeneko, mwezi sutha zonse zili ngati kale. Gwiritsani zidebe ziwiri, china cha shampu ya galimoto, china chotsukuluzira kansalu, ndipo thirani madzi kaye kuti fumbi la msewu wa ku Jali kapena ku Chingale litsike musanakhudze penti. Madzi a pamjigo musawalole kuumira pagalimoto padzuwa, amasiya madontho oyera amene amadya clear coat. Zitosi za mbalame zichotseni tsiku lomwelo ndi kansalu konyowa, mochita kunyamula osati kukhula.