Excel ikudula fayilo yanga, nditani?

Funso: Ndimasunga mabuku a malonda pakampani yogulitsa feteleza. Fayilo yanga ya CSV ili ndi boma, mwezi ndi ndalama, koma yakula moti Excel ikusiya mizere ina. Kodi pivot table (tebulo lowonkhetsa ndalama pa boma ndi pa mwezi) ndingaipange bwanji? — Wowerenga, Kasungu

Yankho: Excel imathera pa mizere 1,048,576, ndiye musavutike nayo. Ngati muli pa Linux, ikani pulogalamu yowerengetsera yotchedwa GNU datamash, kenako lembani:

datamash -t, -s --header-in crosstab 1,2 sum 3 < malonda.csv

Maboma andandalikidwa chotsika, miyezi chopingasa, ndipo ndalama ziwonkhetsedwa pamene ziwirizi zakumana. Chonde musasiye -s. Ndi amene amayamba wasanja mizere, ndipo popanda iye ziwerengero zimasokonekera mwakachetechete. Pamene sipanagulitsidwe kanthu mupeza N/A. Onjezerani --filler 0 kuti pakhale ziro.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi makoma (,), chifukwa ndi amene amalekanitsa zigawo mu CSV. Ndalama ikalembedwa "1,500,000", datamash imaidula patatu. Yambani mwachotsa makomawo, apo ayi gwiritsani ntchito pulogalamu ina yotchedwa Miller, imene imaidziwa bwino CSV. Miyezi muziilemba 2024-01, 2024-02, kuti Epulo asatsogole Januwale.