Anamwino alemba "grade 3": kodi khansa ya bambo yakula?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mayi wina amene akudwazika bambo ake. Ndaifupikitsa, dzina ndachotsa.

"Bambo anga ali ndi khansa ya lilime. Ali m'sabata yachinayi ya radiotherapy, akulandiranso chemo. M'kamwa mwatuluka zilonda. Sabata yatha anamwino analemba m'kabuku kuti grade 2, dzulo alemba grade 3. Kodi ndiye kuti khansa ikukula? Nanga amayeza bwanji, poti ine ndimangoona akuunika ndi tochi n'kufunsa zimene adya?"

Achemwali, mtima pansi kaye. Nambala imeneyo si ya khansa. Kukula kwa khansa amati siteji, ndipo anakuuzani kale chithandizo chisanayambe. Grade imene mwaionayo ndi ya zilonda zobwera ndi chithandizocho, zimene madokotala amati oral mucositis. Pafupifupi aliyense amene akuwotchedwa ndi makina a radiotherapy m'kamwa kapena kummero amakhala nazo, makamaka akaphatikiza ndi chemo monga cisplatin.

Chimene chimachitika n'chakuti kakhungu kofewa ka m'kamwa kamadzisintha kokha pa sabata imodzi kapena ziwiri zilizonse. Mphamvu ya makina aja imalunjika maselo ochulukana msanga, ndipo sisiyanitsa a khansa ndi a m'kamwa. Akale akuyoyoka, atsopano sakubwera, pamatsala chilonda. Nthawi zambiri wodwala amalandira 2 Gy patsiku (Gy ndi muyeso wa mphamvu ya makinawo), Lolemba mpaka Lachisanu, mpaka ikwane 66 kapena 70 pa masabata pafupifupi 7. Kufiira kumayamba cha m'sabata yachiwiri, zilonda zenizeni cha pa 30 Gy, kumapeto kwa sabata yachitatu. Bambo anu ali pa nthawi yake yeniyeni. Sindikubisirani: zikhoza kuwawa kuposa apa mpaka chithandizo chithe, ngakhalenso sabata imodzi kapena ziwiri chitatha, kenako n'kuyamba kupola.

Tsopano za kuyezako. Mwaona bwino, palibe chida. Muyeso umene ambiri amagwiritsa ntchito ndi wa bungwe la WHO, wa chaka cha 1979, ndipo umayambira pa 0 kulekeza pa 4. Pa 0 m'kamwa muli bwinobwino. Pa 1 mwafiira, mukuwawa, koma chilonda palibe. Pa 2 zilonda zatuluka, koma munthu akuthabe kudya chakudya cholimba. Pa 3 zilonda zilipo ndipo akungotha zamadzimadzi zokha. Pa 4 palibe chimene chikudutsa pakamwa, ngakhale madzi. Mukaonetsetsa, kuyambira pa 2 kupita m'mwamba chimene chikusintha nambala si kukula kwa chilonda ayi, koma mbale ya wodwala. N'chifukwa chake anamwino amafunsa za chakudya. Funso limenelo si macheza, ndiye muyeso wake.

Ilipo miyeso ina. Wa RTOG, wochokera ku gulu la ofufuza za radiotherapy ku America, umadalira maso a dokotala: kodi zilonda zili patalipatali ngati zigamba, kapena zalumikizana n'kukhala chimodzi, kapena zikutuluka magazi. Wa CTCAE, wochokera ku National Cancer Institute ya ku America, umaona ululu ndi mmene ukulepheretsera kudya, ndipo umafika pa 5. Ofufuza ali ndi wawo, OMAS, wa 1999, umene amayang'ana malo 9 m'kamwa, milomo, masaya, lilime mbali zonse, pansi pa lilime ndi kumwamba kwa kamwa, n'kuyerekeza kukula kwa chilonda chilichonse m'masentimita. Umenewu ndi wabwino pa kafukufuku, koma pa mzere wa odwala 40 palibe angaukwanitse. Kamwa limodzi lomwelo likhoza kupeza 2 pa muyeso wina, 3 pa wina. Choncho mukaona nambala yasintha tsiku limene mwakumana ndi dokotala wachilendo, funsani kuti akutsata muyeso uti musanayambe kudandaula.

Vuto lenileni, kwa ine, lili pa phala. Amene analemba muyeso wa WHO anagawa zakudya pawiri, cholimba ndi chamadzi. Nanga phala lili kuti? Lolimba loti supuni n'kuima, ndi lopyapyala lomwera m'kapu, onse timati phala. Nsima yofewa yoviika mumsuzi mpaka kusungunuka, timati wadya nsima. Wodwala akayankha kuti "ndadya phala", namwino wina alemba 2, wina 3, ndipo palibe wanama.

Kuwonjezera apo pali ulemu wathu uja. Ndikukumbukira bambo wina wachikulire, wovala jekete tsiku lililonse ngati akupita ku tchalitchi. Ukawafunsa, yankho linali limodzi: "Ndikuyesera, mwanangu, ndadyako." Tsiku lina mayi akunyumba anangotsegula kontena mwakachetechete n'kundionetsa. Mitanda iwiri ya nsima inali momwemo, umodzi wotsinidwa pakona kamodzi kokha. Msuzi wokha ndi umene unatha. Atakwera pa sikelo tinapeza kuti atsika ndi makilo 4. M'kabuku munali 2 masabata awiri otsatizana, pamene munthuyo anali pa 3 kalekale. Makolo athu safuna kuvutitsa, ndipo abambo ambiri amaona ngati kunena kuti "zikundiwawa" n'kuchepa. Koma nambala ikalembedwa yotsika, mankhwala a ululu amaperekedwanso ofooka, ndipo za paipi yodyetsera palibe amaziganizira.

Apa ndi pamene inu gadiyani mumaposa tochi ya anamwino. Gulani kope laling'ono. Tsiku lililonse lembani zimene zalowadi m'mimba, osati zimene mwaphika: phala lopyapyala theka la kapu, mkaka kapu imodzi, dzira lakanika. Lembani makapu a madzi. Afunseni bambo ululu pa nambala, 0 palibe, 10 wosapiririka, kawiri: atangokhala, ndiponso pomeza. Manambala awiriwa amasiyana kwambiri, ndipo wachiwiriwo ndi umene umauza dokotala zambiri. Ngati nambala zikuwasokoneza, zala za dzanja limodzi zimakwana. Sikelo kamodzi pa sabata, yomweyomweyo, zovala zofanana. Munthu wa makilo 60 akataya 3, ameneyo wataya 5 pa 100 alionse, ndipo m'pofunika kunena. Kuonda kumasokonezanso chithandizo chenichenicho, chifukwa chigoba chija chimene amawaveka kumaso pa makina chinaumbidwa molingana ndi nkhope yawo ya poyamba, akaonda chimakhwepa.

Mukhozanso kuunika nokha ndi tochi ya foni, mutasamba m'manja, mano oikirira atachotsa. Zilonda za radiotherapy zimakhala ndi kachikuto koyera mopita ku chikasu, komatirira; musakapale. Koma mukaona timabala toyera tonga chambiko, tochoka mukapukuta pang'ono n'kusiya pofiira, kawirikawiri ndi fangasi, ndipo ali ndi mankhwala akeake monga nystatin kapena fluconazole. Muyeso wa WHO susiyanitsa ziwirizi, pamafunika diso la munthu. Chithunzi cha pa foni masiku awiri alionse chimathandiza, bola kuwala kukhale kofanana.

Dziwaninso kuti nambala ikhoza kutsika zilonda zisanapole. Bambo akapatsidwa morphine wakumwa n'kuyambanso kumeza nsima yofewa, abwerera pa 2 pamene m'kamwa muli chimodzimodzi. Zimenezo n'zabwino ndithu, ndiye cholinga chake. Morphine musamuope, anthu amati ndi wa odwala otsala pang'ono kutisiya, koma si zoona. Muwapatse pa nthawi imene madokotala akuuzani, ndipo funsani za kuonjezera pang'ono chakudya chisanafike. Pemphaninso mankhwala ofewetsa m'mimba, chifukwa amadzimbitsa.

Pa grade 3 zofunika kunyumba n'zochepa. Kuchukucha m'kamwa pafupipafupi ndi lita imodzi ya madzi owiritsa n'kuzizira, muli supuni yaing'ono ya mchere ndi ina ya soda, soda wa m'sitolo wophikira therere uja, osati chidulo. Mswachi wofewa kwambiri. Mankhwala ochukuchira okhala ndi spiriti asiyeni. Phala likhale lofunda chabe, muthiremo nsinjiro zosefa bwino, mkaka, mafuta pang'ono kapena dzira, kuti kapu imodzi ikhale ndi mphamvu ya makapu awiri. Mapeyala ndi nthochi zopota zimatsetsereka bwino. Tomato, malalanje, mandimu, tsabola ndi thobwa lowawasa zimaotcha ngati moto. Fodya ndi mowa ndiye ayi.

Musadikire tsiku la sikelo ngati thupi latentha kufika 38, makamaka poti ali pa chemo, ngati madzi akukanika, mkodzo wachepa n'kuda, magazi sakusiya, kapena akutsamwa pomeza. Pitani tsiku lomwelo, ngakhale usiku. Ndipo musayambe mwawapatsa Panado kuti muone ngati kutenthako kutsike.

Chimodzi chimene ndikupemphani: musawapumitse kunyumba pa nokha kuti zilonda zipole kaye. Masiku odumphadumpha amapatsa khansa mpata wochulukananso, ndipo zimachepetsa mwayi woti ithe. Akanena za paipi ya m'mphuno, musaone ngati zafika poipa. Ndi ya masabata ochepa, kuti munthu amalize chithandizo ali ndi mphamvu. Kuimitsa kapena kupitiriza asankhe ndi dokotala, ataona kope lanu lija. Mawa mukalowa, bambo akayamba kuti "ndadyako", inu tsegulani kontena.