Kodi wamkulu angaphunzire chiyani kwa ana a Sitandade 1?

Mayi wina wa ku Chipoka, kuno ku Salima, wandilembera pa imelo. Komiti ya sukulu yawapempha kuti azithandiza aphunzitsi a Sitandade 1 masiku atatu pa sabata, popanda malipiro. Bambo akunyumba akuti n'kutaya nthawi. Ndiye mayiwo akufunsa kuti kupatula fumbi ndi phokoso, apindulapo chiyani?

Mayi, funso lanu landikhudza, chifukwa anthu ambiri amaona ngati kalasi ya ana aang'ono ndi kolera ana basi. Mukaphunzirako chinthu chimene akuluakulu ambiri sitichidziwa: kuti munthu akavomera sizitanthauza kuti wamva.

Tsiku loyamba mudzamva aphunzitsi akufunsa kuti "Mwamva ana inu?" Kalasi yonse, mwina ana oposa 100 atakhala pansi, idzayankha "Eeee!" mpaka malata kulira. Mukatero pitani kumbuyo, mutenge ana atatu, muwauze kuti alembe "ba" pamchenga. Mmodzi alemba "da", wina akuyang'anani m'maso, wachitatu ayamba kulira. Eee uja anali ulemu chabe. Ife akuluakulu timachita zomwezo ku banki mkhonde: mlembi afotokoza za chiwongoladzanja, onse avomera, koma pa tsiku logawana ndalama mkangano buu. Ndikunenetsa, funso lakuti "mwamva?" n'lopanda ntchito. Muuzeni munthu achite chinthucho inu mukuona.

Chachiwiri n'chakuti mwana wa zaka 6 amavutika kusunga malangizo ambiri nthawi imodzi. Mukati "tulutsani makope, mulembe deti, kenako mujambule nsomba," theka la kalasi lijambula nsomba patsamba lolakwika. Nenani chimodzi, dikirani manja onse amalize, kenako chinacho. Pakatha mwezi mudzazindikira kuti ngakhale waganyu amene mumati ndi wamwano kumunda, mwina mumamuunjikira mawu.

Apa pali nkhani ina imene imandipweteka. Maphunziro a pulayimale atakhala aulere mu 1994, ana anachuluka kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni, ndipo mpaka lero makalasi a m'munsi ndi amene amadzadza koposa. Kuwonjezera apo, pamabwera tiana ta zaka 4 kapena 5 tongotsatira achemwali awo. Kale ankayesa ngati mwana wakhwima kuyamba sukulu pomuuza kuti adutsitse dzanja pamutu agwire khutu la mbali inayo. Kamwana kotero kakagona pakati pa phunziro si ulesi, malo ake ndi ku mkombaphala. Makolo amene amakankhira ana osakhwima ku Sitandade 1 akuwalakwira, pakuti mwana akabwereza kalasi kawiri amayamba kudziona ngati mbuli.

Muyambe mwafufuza musanakalipe

Mwana wa m'mbali mwa nyanja akamasinza cha m'ma 8 koloko, m'funseni kuti anadzuka nthawi yanji. Ena amalawirira kudoko kukathandiza kuyanika usipa pathandala. M'miyezi ya June ndi July mwera ukamawomba, wina amabwera wopanda juzi, zala zitauma, sangagwire pensulo bwino. Kumene kuli phala la kusukulu, lija la ufa wa chimanga wosakaniza ndi soya, yerekezani nkhope zawo asanamwe ndi atamwa. Wina amakhala kumbuyo koma saona pabolodi, kapena khutu likutuluka mafinya. Njala, tulo, kuzizira, maso, makutu, mantha: zonsezi muziyambe mwaziona musananene kuti mwanayu ndi wosamva. Chikoti sichichiza chilichonse mwa zimenezi. Chimangophunzitsa mwana kubisa kope lake. Munthu amene wazolowera kufufuza chonchi amasiya kuweruza msanga apongozi ake, mnzake wa kutchalitchi kapena kumzikiti, ngakhale bambo akunyumba omwewo.

Komanso ana saiwala lonjezo. Mukati "mawa tiimba nyimbo," mawalo adzakukumbutsani musanalowe n'komwe pakhomo. Mukawanamiza kawiri, mawu anu atha mphamvu. Akuluakulu nawo amasunga mumtima, kungoti sanena.

Tsono yankho langa ndi lakuti vomerani, koma kwa teremu imodzi kaye, ndipo mugwirizane ndi ahedi masiku ndi maola ake poyera kuti kumunda kusagone. Musalowe m'malo mwa aphunzitsi. Pemphani ana 10 kapena 12 amene akutsalira, mukhale nawo pansi pa mtengo kwa mphindi 20, osapitirira. Sabata yoyamba lowezani mayina awo. Tolerani zitsekero za mabotolo, 20 pa mwana aliyense, muziike m'timajumbo kuti aziwerengera, ndi timitengo tomanga khumikhumi. Yambani ndi a, e, i, o, u pamchenga, kenako maphatikizo, kope libwere pambuyo. Zitsekerozo muziziwerenga pomaliza, chifukwa zimathera m'matumba, ndipo tiana tina timaziika m'kamwa.