Achimwene, 1.5 miliyoniyo musapereke kaye

Achimwene, post yanu ndaiwerenga kawiri. Mwati mwasunga 2 miliyoni ya kuntchito, mukufuna app yolumikiza alimi a tomato aku Ntcheu ndi malesitilanti aku Lilongwe, ndiye developer (wopanga ma app) wina akuti mumupatse 1.5 miliyoni akupangireni, mukufunsa ngati mulipire. Ine ndikuti ayi, ndalamayo igone kaye ku akaunti. Ganizo lanu ndi labwino ndithu, koma njira imeneyi ndinadutsamo ndipo mpaka pano mtima umandiwawa ndikakumbuka.

Choyamba dzifunseni kuti mlimi waku Tsangano kapena Lizulu ali ndi foni yanji mthumba. Ambiri omwe ine ndinacheza nawo ali ndi kafoni kamabatani, kuimba, tochi ndi wailesi basi, ndipo amene ali ndi smartphone amagula bando ya WhatsApp yokha, memory yadzadza kale ndi mavidiyo a ukwati ndi nyimbo za kwaya. Munthu ameneyo mukamuuza kuti alowe pa Play Store, adawunilode app, alembetse ndi email, akuyankhani mwaulemu kuti "chabwino bwana tipanga", inu mukangokwera basi nkhani yathera pompo. Taonani mmene Airtel Money ndi Mpamba zinafikira kumudzi, ndi *211# ndi *444# basi, komanso agent wokhala pa trading centre yemwe anthu amamudziwa nkhope. Ngakhale M-Pesa poyamba ku Kenya mu 2007 inayenda pa mafoni wamba omwewa ndi ma agent.

Ndiye chomwe ndingakupempheni ndi ichi, tengani ka 200 sauzande pa ndalamayo mupange bizinesiyo ndi manja kwa miyezi itatu. Pitani ku Lizulu mukapeze alimi khumi, mulembe manambala awo mukope. Mubwere ku Lilongwe muyende khomo ndi khomo mpaka malesitilanti asanu avomere kuti muziwabweretsera. Maoda azibwera pa WhatsApp, inu muziimbira alimi, mawerengero muzisunga mu Excel. Pamenepo ndi pomwe muone zinthu zomwe developer sangakuuzeni ali pa laputopu, monga kuti mlimi akufuna kashi pompopompo dengu lisanakwere galimoto pamene wa lesitilanti akuti "bwerani kumapeto kwa mwezi", ndiye pakatipo ndalama yotsekera mpatawo ichokera mthumba mwa ndani? Muona kuti tomato wapansi pa dengu amafika ataphwanyika chifukwa cha mabampu a M1 ndipo palibe amene akufuna kuluza, kuti nthawi ya dzinja tomato amasowa mtengo nkukwera, mlimi yemwe munagwirizana naye dzulo wagulitsa kwa venda amene wafika mmamawa ndi ndalama mmanja, ndipo simungamudzudzule chifukwa mwana wake akufunika fizi. Mwina mupeza kuti vuto lenileni ndi thiransipoti kapena ngongole, osati kudziwana. Mukadziwa zimenezo ndiye mudziwanso chomwe system yanu ikuyenera kuchita, kaya ndi USSD (makodi oimba pa foni ngati *211# ija), kaya SMS, kaya app ya ogula okha alimi nkumangolandira foni.

Ineyo ndi mnzanga wina tinapanga app yopezera magalimoto onyamula katundu. Miyezi isanu ndi itatu tili pa kompyuta, usiku magetsi akazima tikusamukira komwe kuli jenereta, osapitako ngakhale tsiku limodzi pa renki kukafunsa madalaivala a malole ngati akuifuna. Titaitulutsa anadawuniloda ndi abale ndi anzathu akutchalitchi, madalaivala anapitiriza kuimbirana ndi makasitomala awo ngati kale. Chopweteka kwambiri chinali choti sitinalemberane kalikonse poti tinali pachibale, code yonse ya app, domain (dzina lathu la pa intaneti) ndi hosting (malo osungira app pa intaneti) zinali mu dzina la mnzangayo, atapita ku Joni tinasemphana mawu ndipo ine ndinatsala ndi ma screenshot okha. Ndiye tsiku lomwe mudzafunedi developer, lemberanani pepala musayinirane pali mboni, ntchito igawidwe mzigawo muzilipira chigawo chikatha ndipo mwachiyesa nokha, ndipo akaunti ya GitHub (komwe amasunga code), domain, Play Store, zonse zikhale pa email ya bizinesi yomwe password muli nayo ndinu. Mumufunsenso kuti app ikadzavuta pakatha miyezi isanu akonza ndani ndipo pa ndalama zingati, ambiri funso limeneli amaliiwala. Kapena bwinonso pezani mnyamata kapena mtsikana wakhama wochokera ku MUBAS, MUST kapena UNIMA alowe ngati mnzanu mu bizinesi mugawane ma share, koma izonso zilembedwe, ndipo ma share azibwera pang'onopang'ono malinga ndi nthawi yomwe wagwira.

China chomwe anthu sawerengera ndi dola. Inu muzilandira makwacha koma server, domain ndi zina zambiri mumalipira mu dola, akaunti ya developer ku Google ndi $25 kamodzi, ku Apple ndi $99 chaka chilichonse, ndipo ya Apple panopa isiyeni kaye. Mu November 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, amene tinali ndi mabilu a kunja tinadzuka mmawa zonse zakwera, kuonjezera apo khadi yaku banki nthawi zina imakana kulipira kunja chifukwa cha kusowa kwa forex. Choncho chilichonse cholipira mwezi ndi mwezi mu dola chichepetseni mpaka makasitomala olipira atapezeka.

Za mapepala mwachidule, lembetsani dzina la bizinesi ku ofesi ya boma yolembetsa mabizinesi, tengani TPIN (nambala ya msonkho) ku MRA, tsegulani akaunti yapadera yosasakaniza ndi ya ndiwo zakunyumba. Mahotela ndi malesitilanti akuluakulu adzafuna invoice yokhala ndi TPIN. Ndipo musamasunge ndalama za anthu mu system yanuyanu ngati wallet, zimenezo zimafuna chilolezo cha Reserve Bank, gwiritsani ntchito omwe alipo kale monga merchant account ya Airtel Money, Mpamba kapena PayChangu (kampani yolandirira ndalama pa intaneti). Manambala ndi mayina a alimiwo muwasamale, lamulo loteteza data linabwera mu 2024.

Ntchito musasiye panopa chonde, ndipo kwa akatapila musayandikireko ngakhale zitathina bwanji. Muzipita ku malo okumanirako oyamba mabizinesi, monga mHub ku Lilongwe konko, akumpoto kuli Mzuzu E-Hub, mukamve anzanu akulimbana ndi zotani, ndipo Tony Elumelu Foundation, yomwe imathandiza oyamba mabizinesi mu Africa, imatsegula mafomu kumayambiriro kwa chaka, osankhidwa amalandira $5,000. Koma kulikonseko adzakufunsani kuti wakulipirani kale ndani, ndipo kope lija lokhala ndi maoda a miyezi itatu likakuyankhirani bwino kuposa ma slide.

Mukapita ku Lizuluko mudzabwere mu gulu muno mutiuze kuti dengu likuyenda pa zingati ndipo alimiwo akudandaula chani kwenikweni, ndidzakuthandizani kukonza Excel ija ulele, ingonditumizirani inbox.