Voisi ya amalume yokhudza dawe wa m'mabedi a kovo

Ndalemba pano voisi ya amalume ija kuti amene bandulo yawathera kapena foni ikukana kutsegula awerenge. Ndalemba mmene ayankhulira.

Eee, moni nonse pa gulupu pano, achemwali anga mwaswera bwanji kumeneko. Ndiyambe ndi iwe muphwa wanga wa ku Budiriro mu Harare muno, zithunzi zako ndaziona, ndachita kuzikulitsa ndi zala kuti ndione bwinobwino, ndipo funso lako ndalimva. Ukuti udzu umenewu ukapalira Loweruka pofika Lachitatu wamerakonso m'mabedi a kovo, ndiwo zamasamba zija zonga repu, ngati sunagwirepo khasu, nde akamwini athu akuti angogula Roundup, mankhwala opha udzu aja, apopere nkhani ithe. Akamwini, taimani kaye, musatulutse kaye ndalama, mundimvere mpaka kumapeto, voisiyi italikirapo pang'ono.

Umenewo si udzu wamba ayi mwana wanga, ameneyo ndi dawe. Anzathu achishona kuno amati pfende, ukafunsa aneba ako dzina limenelo akuuza kuti nawonso akulira naye. Kuti utsimikize pita pabedipo pompano, uzule mmodzi, ugwire tsinde lake ndi zala ziwiri ulitembenuze pang'onopang'ono, umva kuti silobulungira ngati la udzu, lili ndi ngodya zitatu. Masamba ake ndi osalala, owala ngati wina wawapaka mafuta. Ukatero tenga foloko ukumbe pansi pamene wazulapo, osati pamwamba pokha, lowetsa ndithu. Upeza timbatata takuda, tolimba, tating'ono ngati mtedza wosenda, tolumikizana ndi kaulusi kolimba ngati waya, aka apa, kena uko, kena kutsogolo, ngati mikanda ya m'chiuno. Ukakaswa ndi chikhadabo mkati ndi moyera ndipo kamanunkhira fungo lakelake. Mdani wako ndi ameneyo. Zobiriwira ukuziona pamwambazo ndi tsitsi chabe, ukamapalira ndi khasu ukungomumeta, mutu uli phee pansi.

Ndipo khasu limaonjeza vuto, wamva? Timbatata tija tikakhala pa ulusi umodzi, kamodzi kokha ndi kamene kamamera, tinzake timagona tulo kudikira. Iwe ukabwera ndi khasu lako khaa khaa nkudula ulusi uja, kalikonse kamadzuka nkuyamba moyo wakewake. Nchifukwa chake ukuona ngati ukamalimbikira kupalira mpamene akuchuluka. Sukulota ayi, akuchulukadi.

Dawe alipo wa mitundu iwiri, uyang'ane akatulutsa ngayaye. Wina ngayaye zake ndi zofiirira, ameneyo ndi wa mikanda ndikunenayu, timbatata take ndi towawa. Wina ngayaye zake ndi zachikasu, kambatata kake kamakhala kamodzi kumapeto kwa muzu uliwonse, ndipo ndi kotsekemera, ife tili ana ku Mufakose tinkakumba kudambo nkumatafuna, achemwali mukukumbuka inu. Pa chithunzi chako chachiwiri ndaona ngati ndi wofiirira uja, koma nthawi zambiri amakhala onse awiri malo amodzi.

Ine dawe ndinamudziwira ku ntchito. Paja zaka zonse zija ndinkagwira ya m'garadeni ku Mount Pleasant. Chaka china abwana anaitanitsa lole ya dothi lakuda kwa munthu wina wogulitsa m'mbali mwa msewu, lokongola ukaliona, lofewa, ine ndemwe ndinalituta ndi wilibala kuthira m'mabedi onse a maluwa ndi a ndiwo. Osadziwa kuti dothilo analikumba kudambo. Patangotha masabata atatu bedi lililonse linali ngati nazale ya mpunga. Mtima unandipweteka kwambiri chifukwa mabedi amenewo ndinawasamala zaka zambiri opanda kaudzu nkamodzi komwe. Ndiye kunabwera chilala cha 1992, madzi ovuta, kapinga wa pabwalo anauma, maluwa ambiri anafa, dawe nayenso anasowa, ine nkumati basi wapita. Mvula itangobwera woyamba kutulukira anali iyeyo. Apo mpamene ndinamvetsa kuti kambatata kakakhala pansi pa dothi kamapirira chilala, kamangogona. Koma kakatulutsidwa pamtunda nkuombedwa ndi dzuwa mpaka kuuma gwa, kamafa. Nzeru yonse yagona pamenepo.

Nde iwe wafunsa nthawi yabwino kwabasi, chifukwa tili mu Seputembala, Okutobala akubwera ndi dzuwa lake loswa mtengo lija, mvula kuno timaiyembekeza cha mu Novembala. Masabata amenewa usawataye.

Uchite chonchi. Usalimbane ndi dimba lonse tsiku limodzi, utopa nkusiyira panjira. Sankha bedi limodzi limene laipa kwambiri, kovo amene alimo thyola mudye, mphukira zabwinozo uzidule ukazibzale pena poyera, paja kovo sachedwa kugwira. Koma ukamasamutsa usatenge ndi dothi la m'bedi lakalelo, tsuka mizu, apo ayi wasamutsa ndi dawe yemwe. Bedi lija ulisiye osathirira sabata yathunthu kuti liume. Kenako foloko, osati khasu, foloko ya mano anayi ija. Lowetsa yonse mpaka mano abisike, timbatata tambiri timakhala pa masentimita 15 kapena 20 kuchokera pamwamba koma tina timatsika kupitirira apo, nde iwe fika 30 ngati dothi likulola. Tukula chibuma, uchiphwanye ndi manja, utsatire kaulusi kaja mofatsa osakadula, ukoke mkanda wonse. Ntchito imeneyi ndi ya chokhala pansi, tenga kampando, ika beseni pambali, ana akaweruka kusukulu uwapatse aliyense kachitini apikisane wotola tambiri. Ngati akamwini angapeze waya wa sefa, uja amasefera mchenga omanga nyumba, akhome pa matabwa anayi, dothi lonse la bedilo lidutse pamenepo, mudzadabwa zotsala pamwamba. Ine bedi limodzi lokha ndinadzazapo ndowa.

Zimene mwatolazo, chonde chonde, zisapite pa kompositi. Ndikubwereza, pa kompositi ayi, kudzala la zinyalala ayi, kuseri kwa mpanda kwa aneba ayinso. Yanikani pa lata lakale padzuwa mpaka ziume kuti gwa, kenako muotche. Wachikasu uja amapirira kuuma kuposa mnzake, nchifukwa chake ndikuti moto ndiye umalize.

Dothi la m'bedi lija ulisiye lotembenuza chomwecho, lisasalazidwe, dzuwa lilowe. Pakatha sabata utembenuzenso, tina timene tinabisala tibwere pamwamba, pakatha sabata ina chimodzimodzi, mpaka mitambo iyambe kusonkhana.

Pali njira inanso ya pulasitiki, ena amaichita molakwika. Amatenga pulasitiki yakuda nkuphimba bedi poganiza kuti dawe afa ndi mdima. Aaa, dawe akamatuluka pansi nsonga yake imakhala ngati singano, pulasitiki yakuda amaiboola bwinobwino, ngakhale mbatatesi ili m'dothi amaibaya nkutulukira mbali inayo, ndinaziona ndi maso angawa. Yofunika ndi pulasitiki yoonekera mkati, yoyera ngati galasi. Umathirira bedi kaye linyowe bwino, nkuyala pulasitiki ija mokoka, m'mbali monse nkukwirira ndi dothi kuti mpweya usatuluke, nkuisiya masabata 6 padzuwa la Okutobala. Mkatimo mumatentha ngati mu uvuni, ndipo dawe akangotuluka nkuona kuwala amatambasula masamba, nsonga ija yatha, sangaboolenso, amapsera momwemo. Timbatata ta pansi kwambiri sitifa tonse ayi, koma ta pamwamba timachepa ndithu. Ngati pulasitiki ikupezeka yesani bedi limodzi njira iyi, lina njira ya foloko, mudzaone nokha.

Tsopano apa mpamene anthu ambiri amagonjera. Ukakumba bwanji, ena atsala, mvula ikagwa atuluka. Usakhumudwe, usati amalume anandinamiza. Kambatata kakamatulutsa mphukira kamadya nkhokwe yake, ndipo chomeracho chikafika masamba 5 kapena 6 chimayamba kubweza chakudya pansi nkupanga timbatata tatsopano. Nde lamulo ndi lakuti asafike pamenepo. Ukangoona timasamba titatu, tinayi, zula, dothi likadali lonyowa, ulowetse kampeni kakale kapena kachitsulo pansi kuti kambatata katuluke nako. Masabata awiri asadutse usanayendere mabedi onse. Kakaphukanso uzulenso, kakaphukanso uzulenso, nkhokwe ija imatha, kamafa ndi njala. Ine ndinkachita m'mawa uliwonse ndisanayambe ntchito ina, mphindi khumi zokha, ndikuyenda ndi kachitini. Ndisakunamize kuti ndi za mwezi umodzi, ku Mount Pleasant kuja zinanditengera dzinja lachitatu kuti ndinene kuti tsopano mabedi ayera.

China chimene dawe amadana nacho ndi mthunzi. Iye ndi wokonda dzuwa ndi chinyontho. Bedi limene laipitsitsa lija, mvula ikayamba usabwezeremo kovo kapena anyezi, anyezi ndiye ayi ndithu, timasamba take toonda sitiphimba kanthu, dawe amachita kusangalala. Dzalamo mbatata mothithikana, kholowa ayale pansi ponse, kapena maungu. Mukhala mukudya kholowa ndi nkhwani uku mdani akuvutika pansi. Mabedi enawo kovo ndi repu ubzale moyandikanako, pansi uyale udzu wouma wochindikala, koma udzu wake ukhale wopanda njere. Komanso ndaona pa chithunzi chako pafupi ndi thanki pali chinyontho, pompo mpamene dawe wathithikana kwambiri, eti? Akamwini, paipi imeneyo ikudontha, imangeni, madzi ndi ovuta kale mu Harare muno, musamamwetse dawe. Pothirira muzithira pa tsinde la ndiwo ndi kheni, osati kusefukiza bedi lonse.

Tibwere ku Roundup wanu uja akamwini. Sindikuti ndi mankhwala oipa, amagwira ntchito yake, koma mumvetse mmene amagwirira. Amalowera m'masamba obiriwira nkutsika kumizu, ndipo sasankha, akagwera pa kovo kovo wafa, pa tomato chimodzimodzi, kamphepo pang'ono kokha mwapsereza ndi za aneba. Timbatata togona tija, timene sitinatulutse masamba, sawakhudza mankhwalawo, nde mupopera lero, pamwamba pauma, mwezi wamawa gulu lina latuluka, mupoperenso. Ndiponso nyengo ino dawe ali ndi fumbi komanso ludzu, mankhwala salowa bwino, amafuna chomera chikukula mosangalala. Ngati mukufunadi kupopera, dikirani mvula, mupopere m'njira ndi m'mbali mwa mpanda mmene mulibe ndiwo, tsiku lopanda mphepo, muwerenge pepala la pa botolo ndi kutsatira muyezo wake, muvale magolovesi ndi majombo, ana akhale kutali. Ndipo pampu yopoperayo musakatsukire pafupi ndi chitsime chanu chija, madzi amenewo ndi amene adzukulu anga akumwa. M'mabedi a ndiwo zodya tsiku ndi tsiku ine ndekha sindithiramo, foloko imandikwanira.

Ndisanaiwale, pakona pa chithunzi chachitatu, cha kumpanda uko, ameneuja si dawe, ndi kapinga, tsangadzi wa anzathuwa, akuyanda kulowera m'bedi. Nayenso kachidutswa kalikonse kokhala ndi mfundo kamamera, nde mumuzule ndi foloko yomweyo, mumuyanike pa lata lomwelo, kenako mukumbe kangalande pakati pa iye ndi bedi kuti akamawoloka muzimuona. Chisoso ndi bonongwe zili apozo musavutike nazo, zimenezo ndi ndiwo, thyolani zisanachite njere.

Ndipo nonse pa gulupu pano, amene mukumanga ku masitandi atsopano, mukamagula manyowa kapena dothi la pa lole, muzithira kaye pakona mulu wake, muthirire, mudikire masabata awiri kapena atatu muone chimene chimere, musanalowetse m'mabedi. Mbande za kovo zopatsidwa ndi anzanu nazonso muziona dothi lake.

Muphwa, Loweruka likubwerali ndikwera kombi ya m'mawa ndibwera ndi foloko yanga, yako ija ndinaiona dzino limodzi ndi lopindika. Bedi la pafupi ndi thanki usalithirirenso kuyambira lero. Akamwini apezeretu lata ndi waya wa sefa uja, ana uwauze asapite kosewera mpaka titamaliza bedi loyamba. Upereke moni kwa adzukulu anga. Basi ndaima pano, batire yatsala pang'ono.