Malume akufuna kubwereka ndalama za tchalitchi zimene ndikusunga: ndiwayankhe bwanji?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mbale wina amene amawerenga zimene ndimalemba, ndipo wandilola kuyankha poyera malinga ndisatchule dzina lake kapena mpingo wake. Mbaleyu ndi mphunzitsi wa kupulayimale, ndipo chaka chino anasankhidwa kukhala msungichuma wa komiti yomanga tchalitchi. Akhristu asonkha K2,300,000 yogulira malata, koma popeza ntchito yofolera idzayamba mvula ikadzatha, ndalamazo zangokhala kwa iye, zina m'foni, zina m'chikwama kunyumba. Tsopano malume ake, amene anamulipirira sukulu kuyambira Fomu 1 mpaka kukoleji ya uphunzitsi bambo ake atamwalira, abwera kudzapempha K500,000 yogulira feteleza, ndipo alonjeza kudzabweza mu Meyi akadzagulitsa fodya. Funso lake walemba motere: "Palibe amene angadziwe, ndipo malume sanandinamizepo. Baibulo limandilamula kusamala abale anga. Ndingawakanize bwanji munthu amene anandilera, ndalama zili m'manja mwangamu?"

Mbale wanga, musawabwereke ndalamazo. Ndikunena izi ndisakukayikira malume anu ngakhale pang'ono, pakuti munthu amene anaphunzitsa mwana wa mlongo wake kwa zaka zonsezo wasonyeza kale kuti ndi wotani. Vuto lili pa mawu anu omalizawo, akuti ndalama zili m'manja mwanu. Zili m'manja mwanu ndithu, koma eni ake ndi ena: mayi amene anagulitsa dengu la tomato n'kuponya K2,000 m'mbale, mkulu amene anasiya kugula nsapato, ana a Sande sukulu amene anabwera ndi timakobidi tawo. Aliyense wa iwo anapereka kuti tchalitchi chifoleredwe, ndipo palibe amene anafunsidwa ngati akulola kuti chopereka chake chiyambe chakazungulira m'munda wa fodya. Mukawapatsa malume ndalamazo, iwo adzathokoza inu, pamene amene wanyamula chiopsezo chonse ndi mayi wa tomato uja, iye osadziwa. Ndionjezereko pang'ono kuti ngakhale lamulo la milandu la dziko lathu silimasula munthu amene wagwiritsa ntchito ndalama za eni mwakufuna kwake pa chifukwa chakuti anali ndi maganizo odzabweza.

Ganiziraninso za lonjezo la mu Meyi lija. Malume angathe kulonjeza ndi mtima wonse, koma chimene chidzakwaniritse lonjezolo ndi mvula, ndipo mvula samailamula. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anakokolola minda m'chigawo cha kumwera mbewu zitatsala pang'ono kukhwima, ndipo chaka chotsatira ng'amba inapsereza chimanga mpaka boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi. Alimi amene analephera kubweza ngongole m'zaka zimenezo sanali akuba. Komanso mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo mitengo ya katundu womangira inakwera. Choncho ngakhale malume atadzabweza K500,000 yonse osaperewera tambala, n'kutheka kuti malata amene ndalamayo idzagule mu Meyi adzakhala ochepa kuposa amene ikanagula lero.

M'buku la Nehemiya, chaputala 13, muli munthu amene ndimamuganizira nthawi zonse nkhani ngati yanuyi ikandipeza. Dzina lake ndi Eliyasibu, wansembe amene anapatsidwa udindo woyang'anira zipinda zosungiramo katundu m'nyumba ya Mulungu ku Yerusalemu. Iyeyu anali pa ubale ndi Tobiya, mdani wa Nehemiya, ndipo Nehemiya, bwanamkubwa wa Yuda, atabwerera kwa mfumu Aritasasta ya Perisiya, Eliyasibu anakonzera m'bale wakeyo chipinda chachikulu, chimene kale ankaikamo nsembe zaufa, lubani, ziwiya ndi chakhumi cha tirigu, vinyo ndi mafuta. Lemba silinena kuti anaba kanthu kapena kuti analandira chiphuphu. Limangonena kuti anali wachibale, ndipo ndikhulupirira kuti mumtima mwake ankati chipindacho akungomubwereka kwa kanthawi. Nehemiya atabweranso anaponya kunja katundu yense wa Tobiya, nalamula kuti zipindazo ziyeretsedwe. Anapezanso kuti Alevi ndi oimba sankalandira magawo awo, moti anali atathawira kuminda kwawo, ntchito ya m'nyumba ya Mulungu itaima. Makiyi anali m'manja mwa Eliyasibu monga momwe ndalama zilili m'manja mwanu, ndipo mosazindikira anayamba kuwaona ngati a pabanja.

Komabe ndikanakhala wosakhulupirika ndikanalekera pamenepa, chifukwa lemba limene mwatchula m'kalata yanu ndi loona ndipo likukukhudzani. Paulo analembera Timoteo kuti munthu wosasamala abale ake, makamaka a m'banja mwake, wakana chikhulupiriro ndipo aposa wosakhulupirira kuipa. Pali tchimo lina limene ife a mumpingo timagweramo mosavuta kuposa kuba, ndipo Yesu analitchula m'chaputala 7 cha Marko. Afarisi ankaphunzitsa kuti munthu angauze atate ake kapena amayi ake kuti chimene akanawathandiza nacho ndi Korban, ndiye kuti choperekedwa kwa Mulungu, ndipo akatero amamasuka osawachitiranso kanthu. Yesu anati potero anapeputsa mawu a Mulungu chifukwa cha mwambo wawo. Mukapita kwa malume n'kukanena kuti ndalama ndi za Mulungu, kenako n'kubwerera kunyumba mtima uli mbee ngati mwamaliza udindo wanu, mudzakhala mwabisala kuseri kwa tchalitchi monga momwe ankachitira Afarisi aja. Munda wa malume ukufunikabe feteleza, ndipo ngongole ya sukulu ija, imene palibe anailemba papepala, ikadali pa inu. Kusiyana kwake n'kwakuti Korban chinali chuma cha mwana mwiniyo chimene ankachimana makolo ake, pamene ndalama za malata si zanu n'komwe. Zanu ndi malipiro anu a pamwezi, njinga yanu, mbuzi zanu ngati muli nazo, ndi dzina lanu labwino limene lingakupezetseni ngongole.

Pamenepa Nehemiya yemweyo akutithandizanso, m'chaputala 5. Munthuyu anali woperekera chikho kwa mfumu ya Perisiya, ndipo anafika ku Yerusalemu cha m'ma 445 Khristu asanabadwe kudzamanga linga, limene linatha m'masiku 52. Ntchito ili mkati kunali njala, ndipo anthu ankapinyolitsa minda, minda ya mphesa ndi nyumba kuti apeze tirigu, ena ankakongola ndalama zolipirira msonkho wa mfumu, ena anali atapereka kale ana awo aakazi kuukapolo. Abwanamkubwa amene analipo iye asanabwere ankalandira kwa anthu chakudya, vinyo ndi masekeli 40 a siliva, ndipo ngakhale antchito awo ankapondereza anthu. Nehemiya anakhala bwanamkubwa zaka 12, ndipo akunena kuti pa zaka zonsezo iye ndi abale ake sanadye chakudya cha bwanamkubwa. Taonani kuti akutchula abale ake, kusonyeza kuti ankadziwa kuti udindo ukalowa m'banja, pakamwa pofuna kudya nawo pamachuluka. Koma munthu yemweyu, amene anakana ngakhale gawo limene linali loyenera iye, ankadyetsa anthu 150 patebulo pake, osawerengera alendo ochokera ku mitundu yozungulira. Tsiku lililonse ankaphetsa ng'ombe imodzi, nkhosa zonona 6 ndi nkhuku, ndipo zonsezi sanazilipiritse anthu amene ankawalamulira. Anali wowolowa manja kwambiri, koma kuwolowa manjako ankakumva m'thumba mwake iye mwini. Inu simungaphe ng'ombe tsiku lililonse ndi malipiro a uphunzitsi, ndikudziwa, koma muyeso wake ndi womwewo: chimene muwapatse malume chikupwetekeni inu, osati mpingo. Ngati mungakwanitse thumba limodzi lokha la feteleza, pogulitsa mbuzi kapena pokongola kubanki ya m'mudzi m'dzina lanu, thumba limodzilo ndi loyera, ndipo malume akadzalephera kubweza palibe amene adzagone m'chitokosi.

Zaka zapitazo ndinakhalako mlembi wa komiti ina ya pampingo, ndipo msungichuma wathu anali bambo wofatsa amene sanaphonyepo mapemphero a m'mawa. Mlamu wake anadwala, iye anatengako ndalama za mabenchi kuti akalipire kuchipatala, akuyembekeza kubweza mwezi ukatha. Mwezi unatha, kunagwa maliro, anatengakonso zina kuti agule bokosi. Pamene tinkazindikira panali patapita miyezi 7, ndipo chimene chinandiwawa sichinali ndalamazo, pakuti anabweza pang'onopang'ono mpaka zinatha. Chinandiwawa n'chakuti kwa miyezi yonseyo ankatiwerengera malipoti abodza Lamlungu lililonse loyamba la mwezi, munthu amene kale sankatha kunama, ndipo nkhani itaululika anasiya kubwera kutchalitchi chifukwa cha manyazi. Ndimadziimbanso mlandu ine ndi anzanga a m'komiti, chifukwa tinamusiyira yekha chikwama, tikumati kumuwerengera ndalama n'kumunyoza.

Ndicho chifukwa chake mawu ena a m'kalata yanu andidetsa nkhawa kuposa pempho la malume, mawu akuti palibe amene angadziwe. Ngati ndi zoona kuti mungachotse K500,000 popanda wina kudziwa, ndiye kuti komiti yanu yakuikani pamalo oterera, ndipo malume ndi munthu woyamba chabe pa mzere wa anthu amene adzabwere. Anthu a m'Baibulo amene timawalemekeza chifukwa cha kukhulupirika sankadalira kulimba kwa mitima yawo. Wansembe Ezara, asananyamuke pa mtsinje wa Ahava kupita ku Yerusalemu ndi zopereka za m'nyumba ya Mulungu, anayeza siliva wolemera matalente 650 ndi golide wolemera matalente 100 n'kuzipereka kwa akulu a ansembe, ndipo atafika ku Yerusalemu zonse zinayezedwanso m'nyumba ya Mulungu pamaso pa ansembe awiri ndi Alevi awiri, kulemera kwake n'kulembedwa. Nehemiya atachotsa katundu wa Tobiya anaika anthu anayi oyang'anira mosungira chuma: wansembe, mlembi, Mlevi ndi wowathandiza. Ngakhale Paulo, posonkhanitsa thandizo la osauka a ku Yerusalemu, anatuma Tito pamodzi ndi mbale wosankhidwa ndi mipingo, ndipo m'chaputala 8 cha kalata yachiwiri kwa Akorinto akufotokoza kuti ankapewa kuti wina angawanene pa za mphatso yaikuluyo, pofuna kuchita zokoma pamaso pa Ambuye komanso pamaso pa anthu. Ngati mtumwi anafuna mboni pa chikwama, inu ndi ine tisachite manyazi kuzipempha.

Choncho musanapite kwa malume, pitani kwa wapampando wa komiti sabata ino. Pemphani kuti ndalama zonse zichoke m'foni ndi m'nyumba mwanu, zikasungidwe kubanki m'dzina la mpingo, ndipo zizituluka pokhapokha anthu awiri mwa atatu asayina. Chopereka chiziwerengedwa ndi anthu awiri chisanachoke m'tchalitchi, ndipo buku lizionetsedwa kwa akhristu mwezi uliwonse. Pemphaninso komiti iganizire zogula malata panopa n'kuwasunga pamalo otetezeka m'malo modikira kuti mvula ithe, pakuti malata sachepa mphamvu ngati kwacha, ndipo palibe wachibale amene amabwera kudzabwereka lata. Simukuyenera kutchula malume pofotokoza zimenezi. Ingonenani kuti simukufuna kusenza denga ndi mutu umodzi.

Kenako pitani kwa malume nokha, maso ndi maso, osati pa foni kapena pa WhatsApp. Ngati amayi anu ali moyo, yambani mwawafotokozera iwo, chifukwa mlongo amadziwa polowera kwa mlongo wake, ndipo nkhani ikadzafika pa mbumba adzakhala ataimva kale kuchokera kwa inu. Musapite chimanjamanja; tengani chimene mwakwanitsa, kaya ndi thumba limodzi lija kaya ndi theka la malipiro anu. Mukakhala pansi, musayambe ndi mavesi, pakuti munthu wamkulu amene wadzichepetsa kupempha kwa mwana amene anamulera safunika ulaliki. Yambani ndi kuthokoza, mutchule za fizi imene ankalipira, ndipo munene mosabisa kuti ndalama zimene anamva zija ndi za akhristu, simungazigwire, koma ichi chimene mwabwera nacho ndi chanu ndipo simukuyembekeza kuti adzabweze. Pewani kunama kuti ndalamazo zinatha kapena kuti abusa anazitenga, chifukwa bodza lotere limaululika tsiku limene malata afika.

N'kutheka kuti malume adzakhumudwa, mwina adzanena kuti sukulu yakuchititsani matama, ndipo mwina padzapita miyezi asanakuyankhuleni bwino. Sindingakulonjezeni kuti adzamvetsa tsiku lomwelo. Akakwiya musabweze mawu, ndipo musasiye kupita kwawo. Nthawi yopalira ikafika, tengani khasu Loweruka m'mawa mukalowe nawo m'munda, ndipo malipiro a Januwale akatuluka muonenso ngati simungawaonjezere feteleza wobereketsa.